Likulu silisamuka tsiku limodzi: mmene boma lidachokera ku Zomba kubwera ku Lilongwe

Pa pepala, Lilongwe idakhala likulu la Malawi pa 1 Januwale 1975. Koma tayesani lero kufuna kalata yakale ya boma, kaya ya malire a mfumu kaya ya esiteti ya nthawi ya atsamunda. Akulozerani ku Zomba, chifukwa nkhokwe ya zolemba zakale za dziko lino idakali komweko. Ofesi ya kalembera ili ku Zomba, kosindikizira Gazeti ya boma ndi ku Zomba, a MANEB nawonso ali konko. Mlandu ukakwera mpaka ku khoti lalikulu la apilo, njira ndi ya ku Chichiri, ku Blantyre. Patha zaka zoposa 50 koma katundu wina sadapakiridwebe.

Ena amati n'kuzengereza kwathu Amalawi. Ayi ndithu. Kulengeza likulu latsopano sikuvuta, kumangofuna mtsogoleri wosamva zonena za anthu ndi aphungu omuvomera. Ntchito yagona pa madzi, malo, ndalama, ndi nyumba zoti akalaliki azigonamo. Chimodzi mwa izi chikapanda kuwerengeredwa pachiyambi, mbali ina ya boma imatsalira, ndipo ikatsalira imamera mizu.

Tiyambe ndi Zomba, poti ambiri amaganiza kuti azungu adangokopeka ndi kukongola kwa phiri. Phirilo lidathandiza, inde: kumtunda kuja n'kozizira, ndipo Mulunguzi amatsika ndi madzi chaka chonse, osafuna pampu, ongowapatutsira m'ngalande basi. Koma pamene Harry Johnston ankakhazikitsa boma la atsamunda mu 1891, tauni yeniyeni inali Blantyre. Amishoni a ku Scotland adafika kumeneko mu 1876, kampani ya African Lakes inali itakhazikika kale ku Mandala, amalonda ndi eni minda ya khofi anali komweko. Johnston adaizemba dala. Amishoni ndi amalonda aja anali ndi pakamwa, atazolowera kudzilamulira okha, ndipo bwana watsopano sadafune kukhala pakati pa anthu omuuza zochita m'mawa uliwonse. Ku Zomba kunali kale nyumba imene John Buchanan adamangira kazembe wa Britain mu 1886, ija lero ndi Hotel Masongola, choncho sankayambira pa thengo. Chifukwa china chinali nkhondo. Njira za ogula akapolo zochokera kunyanja kupita kugombe la Mozambique zinkadutsa chapafupi, ndipo mafumu a Chiyao amene Johnston ankalimbana nawo, monga Kawinga, Jalasi ndi Makanjira, anali kumpoto ndi kumpoto chakum'mawa kwa Zomba. Malo a asilikali ndiwo adasanduka malo a boma.

Nkhondo zija zitatha, zifukwa zinanso zidatha nazo, koma boma lidakhalabe. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo pamene ankaitalikitsa kukafika ku Salima mu 1935 idadzera ku Balaka, Zomba n'kuilambalala. Pepala lililonse, thumba la simenti lililonse la boma linkatsitsidwa ku Limbe n'kuyenda pa msewu makilomita oposa 60. Kumanganso pa mtsetse n'kodula: ofesi iliyonse imayamba yafuna kusalaza malo, khoma lotchinga dothi, ndi ngalande yolimba ya madzi a mvula otsika m'phiri. Kwa boma la azungu ochepa olamulira ndi cholembera, zidali bwino. Kwa dziko lodzilamulira, lofuna maunduna, akazembe, bwalo la ndege lalikulu ndi mafakitale, malo athyathyathya sadali okwanira.

Anzathu otizungulira nkhani yake ndi yomweyi. Likulu loyamba limatsata zofuna za wolanda dziko, lachiwiri limatsata njanji kapena mgodi. Ku Zambia, chigawo chakumadzulo chinkalamulidwa kuchokera ku Kalomo mpaka 1907 pamene boma lidatsikira ku Livingstone, pomwe chakum'mawa chinkalamulidwa ku Fort Jameson, Chipata ya leroyi. Zigawozi zitaphatikizidwa mu 1911 Livingstone idatenga zonse, koma inali kumalire kwenikweni, kotentha, motero mu 1935 adasamukira ku Lusaka, pamtunda, pamene njanji imakumana ndi msewu wa kum'mawa ndi wa kumpoto. Apwitikizi adachoka pa chilumba cha Mozambique mu 1898 kupita ku Lourenço Marques, Maputo ya leroyi, kutsatira golide wa ku Transvaal yemwe ankafuna doko. Yodabwitsa ndi ya Botswana: mpaka 1965 likulu lake linali Mafeking, m'dziko la eni, ku South Africa. Posankha Gaborone adayang'ana njanji, malo omwe anali kale m'manja mwa boma osati a fuko limodzi lalikulu, ndi mtsinje wa Notwane woti n'kumangapo damu. Damulo adayamba kulimanga boma lisadasamuke. Kumeneko ndiye kuyamba bwino.

Kumene kusamutsa likulu kudachitika kambirimbiri, mwakuti zolakwika zake zonse zidaonekera poyera, ndi m'zigawo za America m'zaka za m'ma 1800. Anthu ankasefukira kumadzulo chaka ndi chaka, ndiye tauni yomwe inali pakati lero, pakatha zaka khumi inkapezeka ili kumphepete. Phungu woyenda pa hatchi sabata yathunthu kuti akafike ku msonkhano ankabwera ndi dandaulo limodzi: likulu libwere pakati. Illinois idayambira ku Kaskaskia, m'mbali mwa Mississippi, mu 1820 idapita ku Vandalia, mu 1839 ku Springfield. Kaskaskia ija pambuyo pake mtsinje udasintha njira n'kuidya. Springfield sidapambane chifukwa cha mapu okha: aphungu a dera limenelo, Abraham Lincoln ali m'gulu, adakokera anzawo, ndipo tauniyo idalonjeza madola 50,000 ndi malo omangapo. Kugula likulu poyera chonchi kudali kofala. California idayesa San Jose, Vallejo ndi Benicia isadakhazikike ku Sacramento mu 1854, ndipo ku Vallejo chomwe chidathamangitsa aphungu ndi kusowa kwa malo ogona ndi zipangizo zomwe adalonjezedwa.

Indiana ndiyo ifanana kwambiri ndi ife. Mu 1820 adatuma nthumwi kukapeza malo pakati penipeni pa chigawocho, ndipo adasankha thengo m'mbali mwa White River poganiza kuti sitima za pamadzi zizifika. Mtsinjewo udapezeka wosaya. Ndalama zomangira zinkayenera kuchokera pa kugulitsa mapuloti a malo amene boma lalikulu lidapereka, koma malungo adagwira anthu m'chaka choyamba ndipo mapuloti sadayende malonda monga ankayembekezera. Zolemba ndi ndalama za boma zidachoka ku Corydon pa ngolo chakumapeto kwa 1824, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 womwe udatenga masiku oposa 10. Indianapolis idadzapuma njanji itafika, patatha zaka zoposa 20.

Ndipo musapeputse mafayilo. Ku Texas mu 1842, mtsogoleri wake Sam Houston atatuma anthu kukachotsa zolemba za boma ku Austin, anthu a m'tauniyo adawathamangira n'kuzilanda, mayi wina dzina lake Angelina Eberly ataomba mzinga kudzutsa anzake. Ankadziwa kuti komwe kuli mapepala a malo ndi komwe kuli boma. Ku Oklahoma mu 1910, zotsatira za voti zitangomveka, bwanamkubwa Charles Haskell adalamula kuti chidindo cha boma chichoke ku Guthrie kupita ku Oklahoma City, a ku Guthrie n'kuthamangira kukhoti.

Tibwerere kwathu. Lilongwe idakhala boma mu 1904, m'dera la mfumu Njewa, pamene msewu wochokera kumwera kupita kumpoto umadutsana ndi wochokera kunyanja kupita ku Fort Jameson. Fodya wa chikopa ndiye adaikuza kuyambira m'ma 1920, ndipo idadziwika ngati tauni mu 1947. Komabe pa kalembera wa 1966 anthu ake sadakwane 20,000. Kamuzu ankanena kuti maganizo osamutsa likulu adamubwerera ali m'ndende ku Gwelo, Gweru ya ku Zimbabwe leroyi, pamodzi ndi ena awiri: yunivesite ku Zomba ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Aphungu adavomereza mu 1965. Zifukwa zomwe ankapereka zinali zomveka. Chuma chambiri, mafakitale, misewu ya tala, zinali kumwera. Chigwa cha Lilongwe ndi chachonde, chili pakati, ndipo malo athyathyathya ndi ambirimbiri. Onena ankanenanso kuti mkuluyo kwawo ndi ku Kasungu ndipo ankakokera chitukuko kuchigawo chakwawo. Ine ndikuona kuti zonse ziwiri n'zoona, ndipo palibe likulu padziko lomwe lidasankhidwa popanda wina kukokera kwawo.

Ndalama ndiye idavuta. Britain, yomwe nthawiyo inkathirabe ndalama mu bajeti yathu, idakana, n'kunena kuti dziko losauka chonchi lili ndi zofunika zina. Kamuzu adatembenukira kumwera. Mu 1967 Malawi idakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo mu 1968 idalandira ngongole ya marandi 8 miliyoni yoyambira ntchito. Walira mvula walira matope: John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa, adabwera kuno mu 1970, Kamuzu adapita kumeneko mu 1971, ndipo mayiko ambiri a mu Africa adatiyang'ana ndi diso lofiira. Mapulani oyamba a mzindawu adajambulidwanso ndi akatswiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen, mu 1968.

Marandi 8 miliyoni samanga mzinda. Adakwanira maofesi oyamba a ku Capital Hill, misewu ikuluikulu ndi mapaipi. Zotsalazo zidasiyidwa m'manja mwa bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1968, Capital City Development Corporation, lomwe anthu ankangoti CCDC. Kayendetsedwe kake kanali kotere. Boma limalengeza kuti malo akutiakuti ndi a likulu, malo omwe anali a mafumu n'kukhala a boma. Midzi yomwe inali pamenepo, ndi minda yake ndi manda ake, imasamutsidwa. Opima malo amadula mapuloti, bungwe limalambula msewu, kukoka madzi ndi magetsi, kenako kubwereketsa puloti kwa zaka 99. Bungwelo limakongolanso ndalama, kumanga maofesi ndi nyumba, n'kumalandira lendi kuchokera ku boma, makampani ndi akazembe. Njira imeneyi imayenda pokhapokha ogula alipo. Makampani akuluakulu ambiri sadachoke ku Blantyre, poti mabanki, njanji ndi makasitomala zinali komweko, ndipo njanji idafika ku Lilongwe mu 1979, likulu litatsegulidwa kale. Bungwe lodalira lendi limayamba kumangira yemwe angalipire. N'chifukwa chake Area 10, Area 12 ndi Area 43 zidalandira tala, mapuloti aakulu ndi mitengo, pomwe mesenjala ndi mlonda adapatsidwa zina.

Zinazo ndi zomwe ankazitcha Traditional Housing Areas, monga Kawale, Chilinde ndi Area 25. Munthu ankalandira puloti yopimidwa, msewu wafumbi, chimbudzi chokumba, ndi mpope wa onse chapafupi, nyumba n'kumanga yekha ndi zidina kapena njerwa zootcha. Maganizowo sadali oipa. Cholakwika chinali chiwerengero. Ojambula adawerengera ogwira ntchito m'boma osamuka ku Zomba, koma aliyense wa iwo amakoka ena: mlamu wofuna ntchito, mwana wa achemwali wodzaphunzira, womanga yemwe adabwera ndi kontirakitala n'kusabwereranso kumudzi, mayi wogulitsa makala. Pa kalembera wa 1977 anthu anali atayandikira 100,000, pa wa 1987 adapitirira 220,000. Mapuloti opimidwa sadathe kuthamanga liwiro limenelo. Omwe anali ndi puloti adamanga midadada ya zipinda za lendi kuseri, chimbudzi chimodzi chokumbidwira banja limodzi n'kumatumikira mabanja asanu kapena kuposa. Omwe adasowa adapita kwa anyakwawa a m'mphepete mwa mzinda n'kugula malo pamanja, popanda wopima, popanda kusiya njira ya galimoto. Mtandire, Chinsapo, Mgona ndi Kauma zidakula motero. Mukaima m'malire a Mtandire ndi Area 47, mbali ina mipanda ya njerwa ndi mageti, mbali inayo tinjira toti ngakhale galimoto yopopa zimbudzi singalowe. Kulowetsa paipi m'dera lomangidwa kale chonchi n'kodula kuposa kuliyika pa thengo, chifukwa uyenera kugwetsa mpanda wa wina ndi kumulipira. CCDC idathetsedwa mu 1984, ntchito zake n'kugawidwa kwa khonsolo, unduna wa za malo ndi Malawi Housing Corporation, ndipo kuyambira pamenepo malo a mumzinda muno ali ndi eni angapo, aliyense ndi kaundula wake.

Mtunda womwe timadandaula nawo tsiku lililonse nawonso udajambulidwa dala. Mzindawu adaugawa m'zigawo zinayi zondandalikana kuchokera kumwera kupita kumpoto: Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi. Cholinga chinali choti chigawo chilichonse chikhale ndi ntchito zake, msika wake ndi nyumba zake, pakati pake patsale nkhalango ndi madambo, munthu azigwira ntchito pafupi ndi komwe amagona. Manambala a ma Area adaperekedwa motsata nthawi yotsegulira malo, osati motsata mapu, ndiye mlendo asadabwe kuona Area 23 ili kumwera pomwe Area 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Pa pepala n'zokongola. Koma malonda adakana kuchoka ku Old Town, komwe kuli msika waukulu, depoti ndi masitolo a amwenye, City Centre n'kumakhala zii ikangokwana faifi koloko. Kanengo idapeza okushoni ya fodya ndi nkhokwe za chimanga, Lumbadzi idapeza bwalo la ndege lomwe lidatsegulidwa mu 1983, makilomita pafupifupi 25 kuchokera pakati pa mzinda, koma sidakule kukhala tauni monga adaganizira. Anthu ambiri adakhazikika kumwera ndi kumadzulo komwe malo ndi lendi zinali zotsika, ntchito zili kumpoto. Wa ku Area 36 wogwira ntchito ku Kanengo amakwera minibasi ziwiri, kudzera m'tauni, kuwoloka mlatho womwe aliyense akufuna kuwoloka nthawi yomweyo. Mzinda wotambalala chonchi umafunanso mapaipi, mawaya ndi tala wambiri pa munthu mmodzi, ndipo mipata yomwe idasiyidwa kuti ikhale ya mitengo ndi yomwe lero ikudyedwa ndi mapuloti, madambo a Lingadzi omwe.

Za madzi n'zofunika kuzinena mosabisa. Mtsinje wa Lilongwe si waukulu, ndipo m'chilimwe umachepa kwambiri. Mzinda umadalira madamu awiri a ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la chakumapeto kwa m'ma 1980, omwe amasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kuti atsike ndi mtsinje mpaka kosefera. Gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama, yomweyo yomwe ikutipatsa makala. Mitengo ikatha, mvula imathamanga pamwamba, imakokolola dothi n'kukalisiya m'damu, damu n'kumachepa kuya. Nyanja ilipo, inde, koma ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050. Madzi a ku Salima ayenera kukankhidwa mtunda woposa makilomita 100 ndi kukwezedwa mamita oposa 500, ndipo bilu ya magetsi a mapampu imeneyo imabwera mwezi uliwonse.

Nanga boma lenilenilo lidasamuka bwanji? M'magawomagawo. Maunduna adayamba kubwera kumayambiriro kwa m'ma 1970, malinga ndi kutha kwa maofesi ndi nyumba za ku Area 18 ndi madera ena. Unduna sungasamuke mafayilo okha, kapena anthu okha: mlembi wamkulu akakhala ku Capital Hill koma kaundula wa malipiro ali ku Zomba, ntchito imaima. Pamafunika nyumba, malo a sukulu a ana, chipatala (Kamuzu Central idatsegulidwa mu 1977), ndi malole onyamula makabati. Koma mwini maganizo sadabwere. Kamuzu ankakhala kwambiri ku Sanjika, ku Blantyre, ndipo Nyumba ya Malamulo idatsalira ku Zomba mpaka 1994. Kwa zaka pafupifupi 20, pulezidenti anali mumzinda wina, aphungu mu wina, maunduna mu wachitatu. Nyumba ya Malamulo ikamakumana, nduna, alembi, madalaivala ndi mafayilo ankayenda makilomita pafupifupi 300 kupita ku Zomba, ndi mafuta ake, malo ogona ake ndi maalawansi ake. Mtengo umenewo sumaoneka pa bajeti yomangira likulu, koma umalipidwa chaka ndi chaka.

Matipati ambiri atabwera, Bakili Muluzi sadafune kukhala m'nyumba ya boma yatsopano ya ku Lilongwe, ya zipinda pafupifupi 300, ndipo aphungu ndiwo adayamba kukumaniramo. Mu 2004 Bingu wa Mutharika adaitenga kuti akhalemo, n'kulamula kuti maofesi a boma omwe anali ku Blantyre abwere kuno. Aphungu adakhala opanda nyumba yawoyawo mpaka 2010, pamene yomangidwa ndi China idatsegulidwa, zaka 35 chilengezereni likulu. Tisadzinyoze kwambiri: Tanzania idasankha Dodoma mu 1973, koma maunduna adachokadi ku Dar es Salaam m'nthawi ya John Magufuli. Nigeria idalamula za Abuja mu 1976 n'kusamuka mu 1991. Ku Alaska anthu adavota mu 1974 kuti likulu lichoke ku Juneau, mu 1976 adasankha Willow, koma mu 1982 atauzidwa kuti pafunika madola 2.8 biliyoni adakana, ndipo boma lili ku Juneau mpaka lero.

Tauni yosiyidwa nayo imafuna chipukuta misozi, apo ayi imafota, poti masitolo, nyumba za lendi ndi misika yake zinkadalira malipiro a boma a pakutha pa mwezi. Ku Iowa, boma litapita ku Des Moines mu 1857, nyumba ya malamulo ya ku Iowa City adaipereka ku yunivesite. Kuno Chancellor College idachoka ku Chichiri kupita ku Chirunga mu 1973, likulu latsopano lisadatsegulidwe n'komwe, kuti aphunzitsi ndi ophunzira alowe m'malo mwa akalaliki. Asilikali a ku Cobbe Barracks, ndende yaikulu ndi chipatala cha odwala matenda a maganizo zidatsalanso komweko. Zidathandiza kuti Zomba isafe, ngakhale sizidaikuze kwenikweni. Pa kalembera wa 2018 Zomba inali ndi anthu pafupifupi 105,000, Blantyre pafupifupi 800,000, ndipo Lilongwe 989,000.